Chuku ndi afulatokisini: poizoni amene amayambira kumunda n'kukathera m'mbale

Pakapita nthawi mumamveka nkhani yakuti boma la dziko lina lachotsa ufa m'masitolo, kapena kuti mtedza wabwezedwa padoko, chifukwa aupeza ndi afulatokisini. Mukaona chithunzi cha ufawo mupeza ndi woyera bwinobwino, ndipo amene anaugula amanena kuti sunkanunkha. Pomwepo wina amakumbukira kuti kwawo akhala akudya chimanga chothimbirira kwa zaka zambiri popanda wogona m'chipatala. Ndiye zoona n'ziti, ufa wooneka bwino ndi woopsa, kapena chimanga chachuku chilibe vuto?

Zonse ziwirizi zimatha kuchitika, ndipo chisokonezo chimabwera chifukwa timatchula zinthu ziwiri ndi dzina limodzi. Pali chuku, chomwe n'chamoyo ndipo nthawi zina chimaoneka ndi maso. Palinso afulatokisini, poizoni amene mitundu ina ya chuku imatulutsa, yemwe saoneka, sanunkha, ndipo alibe kakomedwe.

Chuku n'chiyani

Chuku, chimene ena amati nguwi, ndi m'bale wake wa bowa. Chimakula ngati tiulusi tosaoneka timene timalowa mkati mwa chinthu chimene chikudya, ndipo fumbi lobiriwira, lakuda kapena lachikasu limene timaona pamwamba ndi timbewu take tokha. Zili ngati bowa wam'nkhalango: chimene mumazula ndi chipatso chabe, thupi lenileni latambalala pansi m'dothi. N'chifukwa chake kupukuta fumbilo sikuchotsa chuku.

Si chuku chonse chimene chili mdani. Masamba ndi nthambi zogwa m'nkhalango zimasanduka chonde chifukwa cha chuku ndi anzake, ndipo mulu wa manyowa kudimba sungapse popanda izi. Mankhwala a penisilini, amene Alexander Fleming anawatulukira mu 1928, anachokera ku chuku.

Chimene chikutikhudza pano chimatchedwa Aspergillus flavus, pamodzi ndi mnzake Aspergillus parasiticus. Dzina lakuti Aspergillus linaperekedwa mu 1729 ndi Pier Antonio Micheli wa ku Italy, yemwe atayang'ana chukuchi pagalasi lokuzira tinthu anaona kuti chikufanana ndi kachipangizo kowazira madzi odalitsidwa m'tchalitchi. Flavus ndi mawu achilatini otanthauza chikasu. Kwawo kwenikweni ndi m'dothi, kumene chimadya zotsalira za mbewu. Chimakonda kutentha kwa madigiri pakati pa 25 ndi 35, ndipo mbewu zimene chimagwira kwambiri ndi chimanga ndi mtedza, kenako njere za thonje, tsabola wouma, nkhuyu zouma, chinangwa choumitsa, mapira ndi mtedza wa m'mitengo monga pistachio. Chodabwitsa n'chakuti chili ndi m'bale wake wofatsa, Aspergillus oryzae, amene anthu a ku Japan akhala akumuweta kwa zaka mazana ambiri pokonza zakudya za soya ndi mpunga, ndipo iye satulutsa poizoniyu.

Poizoni amene anadziwika chifukwa cha nkhukutembo

Mu 1960 nkhukutembo zoposa 100,000 zinafa ku England m'miyezi yochepa. Madokotala a ziweto sanadziwe chifukwa chake, choncho anangowatcha matenda a Turkey X (turkey ndi nkhukutembo m'Chingerezi). Atafufuza anapeza kuti zonse zinadya chakudya chosakaniza ndi zotsalira za mtedza woyengedwa mafuta wochokera ku Brazil, ndipo m'mtedzamo munali chuku cha Aspergillus flavus. Dzina la poizoniyo analipanga podula dzina la chukucho: A, fla, kenako toxin, kutanthauza poizoni. Pofika 1963 akatswiri a pa yunivesite ya MIT ku America anali atadziwa kapangidwe kake.

Mitundu ikuluikulu ya poizoniyu ilipo inayi: B1, B2, G1 ndi G2. Zilembozi zinachokera ku mtundu wa kuwala kumene poizoniyu amaonetsa akamuunika ndi nyale ya UV (ya kuwala kosaoneka ndi maso), B kuimira buluu, G kuimira kubiriwira. Woopsa kwambiri ndi B1. Palinso M1, amene amapezeka mu mkaka; tibwerako.

Kuti timvetse ubale wa chuku ndi poizoni wake, tiganize za moto ndi mwaye. Moto ukazima, mwaye umatsala pakhoma. Chuku chingafe ndi dzuwa, njere ingapukutidwe, ingagayidwe n'kukhala ufa woyera, koma poizoni amene anapangidwa kale amakhalabe m'menemo. Mbali ina nayonso ndi yoona: pali moto wosachita mwaye wambiri. Mitundu ina ya Aspergillus flavus satulutsa poizoni n'komwe, ndipo chuku chambiri chimene timaona pa zakudya n'cha mitundu ina. Choncho maso amanama mbali zonse ziwiri. Njere yachuku ikhoza kukhala yopanda afulatokisini, njere yooneka bwino ikhoza kukhala naye. Komabe, mukatenga njere zambiri n'kuziyeza, zothimbirira, zofota, zosweka ndi zobooledwa ndi tizilombo ndi zimene zimakhala ndi gawo lalikulu la poizoniyo. Maso amanama, koma si nthawi zonse.

Zimene amachita m'thupi

Afulatokisini amalunjika chiwindi, chifukwa ndi chiwalo chimene chimasefa zonse zimene tadya. Chomvetsa chisoni n'chakuti chiwindi poyesa kumuphwanya chimamusandutsa chinthu china cholusa kwambiri, chimene chimakamatirira ku DNA ya maselo n'kuiwononga.

Pali njira ziwiri zimene amavulazira. Yoyamba ndi ya mwadzidzidzi, munthu akadya wambiri m'masiku kapena m'masabata ochepa: kusanza, kupweteka m'mimba, maso achikasu, kutupa miyendo ndi mimba, kenako chiwindi kulephera. Zoterezi sizichitikachitika, koma zikachitika zimapha. Mu 1974 anthu oposa 100 anafa m'midzi ya ku Gujarat ndi Rajasthan ku India atadya chimanga chimene chinavumbwa ndi mvula yosayembekezeka. Agalu a m'midzimo anafanso. Mu 2004 ku Kenya anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira, ambiri a m'maboma a Makueni ndi Kitui. Chaka chimenecho kunali ng'amba, kenako mvula inagwa nthawi yokolola, ndipo chimanga chinasungidwa chisanaume. Atayeza chimanga cha m'misika ya m'deralo, 55 peresenti ya zimene anatapa zinapitirira mlingo wa poizoni umene dzikolo limalola. Ku Tanzania zinachitikanso mu 2016 m'zigawo za Dodoma ndi Manyara.

Njira yachiwiri ndi yachete, ndipo ndi imene imakhudza anthu ambiri: kudya pang'onopang'ono kwa zaka. Apa ndi pamene pali yankho kwa uja akuti akhala akudya popanda kudwala. Dontho la madzi silibowola mwala tsiku limodzi. Bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili pansi pa WHO, linaika afulatokisini m'gulu loyamba, la zinthu zimene umboni wake ndi wokwanira kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Khansa yake ndi ya chiwindi. Munthu amene ali ndi kachilombo ka Hepatitis B ndiye ali pangozi yaikulu: zinthu ziwirizi zikakumana, chiopsezo chimakwera pafupifupi ka 30 poyerekeza ndi amene wangodya poizoniyo alibe kachilomboko. Kuwerengera kumene kunasindikizidwa mu 2010 kunati pakati pa 5 ndi 28 peresenti ya khansa ya chiwindi padziko lonse ingakhale ikuchokera ku afulatokisini. Kutalikirana kwa manambala awiriwa kukusonyeza kuvuta kwa kuyeza zimene anthu amadya tsiku ndi tsiku.

Umboni wina wamphamvu unachokera ku Qidong, dera la ku China limene linkadziwika ndi khansa ya chiwindi. M'zaka za m'ma 1980 malamulo a zaulimi atasintha, anthu kumeneko anasiya kudalira chimanga n'kuyamba kudya mpunga. Poizoni m'magazi mwawo anatsika kwambiri, ndipo patapita zaka imfa za khansayi zinatsikanso, ngakhale mwa anthu amene anabadwa katemera wa Hepatitis B asanafike.

Kodi ppb n'chiyani, nanga malire amasiyaniranji

Nkhani za afulatokisini zimadzaza ndi zilembo zakuti ppb. Tanthauzo lake ndi gawo limodzi pa magawo biliyoni, kapena kuti maikulogalamu imodzi pa kilogalamu. Njere ya chimanga imalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a galamu. Ndiye 1 ppb ili ngati njere imodzi m'matumba pafupifupi 6,700 a makilogalamu 50. Malire a 20 ppb akutanthauza kuti m'thumba lonse la makilogalamu 50 musapitirire miligalamu imodzi ya poizoni, kanthu kosakwana n'komwe kambewu ka mpiru.

Mayiko sagwirizana pa malirewa. Ku America ndi 20 ppb pa zakudya za anthu. Bungwe la Codex, limene FAO ndi WHO anakhazikitsa kuti liziika miyezo ya zakudya pa malonda a pakati pa mayiko, linaika 15 ppb pa mtedza umene ukukakonzedwanso. Mayiko a European Union amalola 4 ppb yokha pa mtedza wodyedwa mwachindunji, ndipo B1 asapitirire 2. Palibe amene akunena kuti 19 ndi wabwino, 21 ndi wakupha. Pa chinthu choyambitsa khansa palibe mlingo umene ungatchedwe wopanda vuto konse, choncho dziko lililonse limaika mzere pamene likuona kuti lingakwanitse popanda kutaya chakudya chochuluka.

Chovuta kwambiri, chimene nkhani zambiri sizifotokoza, ndi kutapa zokayeza. Poizoniyu safalikira mofanana ngati shuga mu tiyi. Amakhala m'njere zochepa, koma m'njerezo amakhala wochuluka koopsa. Tiyerekeze kuti njere imodzi ya mtedza ya theka la galamu ili ndi 200,000 ppb, zomwe zimatheka ndithu. Njere imodzi yomweyo ikagayidwa pamodzi ndi makilogalamu 5 a mtedza wabwino, wonsewo ufika pa 20 ppb. Tsono woyeza akatapa dzanja limodzi pamwamba pa thumba, akhoza kuiphonya n'kunena kuti thumbalo lili bwino, kapena kuitola n'kunena kuti lonse ndi loipa. N'chifukwa chake katundu yemweyo amatha kupambana mayeso kumene wachokera n'kukalephera kumene wafika, popanda wina kunama. Oyeza mwaluso amatapa pang'onopang'ono m'malo ambiri, kufikitsa makilogalamu angapo, kugaya zonse, kenako n'kutengapo kagawo kokayeza.

Kumunda: mbewu yofooka ndi khomo lotsegula

Kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti vutoli ndi la m'nkhokwe mokha. Pambuyo pake zinadziwika kuti nthawi zambiri limayamba mbewu ili chiimire. Mbewu yathanzi imadziteteza: khungu la njere limakhala lolimba, makoko amatseka bwino. Ikavutika ndi ludzu ndi kutentha pamene njere zikukhwima, chitetezocho chimafooka, pamene chukuchi, chomwe chimapirira kuuma kuposa tizilombo tina tam'dothi, chimapeza mpata. Zili ngati munthu wanjala amene amagwidwa msanga ndi matenda amene wokhuta akanawapirira.

Pa mtedza nthawi yoopsa ndi masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi omaliza, dothi likauma n'kutentha. Mtedza umakhwimira m'dothi momwe chuku chimakhala, choncho bowo lililonse la chiswe kapena bala la khasu ndi khomo. Pa chimanga timbewu ta chuku timatera pa ndevu n'kutsikira m'chisononkho, ndipo mbozi zoboola zimatsegula njira n'kunyamulanso timbewuto.

Choncho zambiri zimene zimateteza mbewu ku afulatokisini ndi ulimi wabwino womwe tikuudziwa kale: kubzala ndi mvula yoyamba kuti mbewu ikhwime chinyezi chisanathe, kusankha mbewu yogwirizana ndi kutalika kwa nyengo ya mvula, kuphimbira nthaka, kuthira manyowa, kutseka mizere kuti madzi asathawe, kupalira, kuthirira kumene kuli kotheka, ndi kasinthasintha wa mbewu. Mitengo yosiyidwa kapena yobzalidwa mwanzeru m'munda imathandiza mwa njira yomweyi, pochepetsa kutentha kwa dothi ndi kuonjezera masamba owolerana. Kenako kukolola pa nthawi yake. Mtedza wochedwa kukumbidwa umang'ambika ndi kudyedwa ndi chiswe, ndipo chimanga chogwa pansi chimakhudzana ndi dothi lenilenilo limene tikuthawa.

Chinyezi: apa ndi pamene nkhondo imapambanidwa

Ngati pali mfundo imodzi yoti munthu aigwiritse, ndi iyi. Njere youma mokwanira, chuku sichingakule, ngakhale timbewu take titadzaza thumba lonse. Timangogona n'kudikira madzi.

Chimanga chimakhwima chili ndi madzi ochuluka, nthawi zambiri oposa 25 peresenti ya kulemera kwake. Kuti chisungike chiyenera kutsika kufika pa 13 peresenti kapena kucheperapo. Mtedza woswa uyenera kufika pa 7 kapena 8. Kusiyanaku kuli ndi chifukwa: pafupifupi theka la njere ya mtedza ndi mafuta, ndipo mafuta sasunga madzi, choncho madzi onse amaunjikana m'theka linalo. Mtedza wa 12 peresenti ndi wonyowa kwambiri ngakhale nambala yomweyo pa chimanga ndi yabwino. Masiku oopsa ndi apakatiwa, kuchokera pokolola kufika pouma. Mulu wa chimanga chonyowa umatentha wokha chifukwa njere zimapuma, ndipo m'masiku awiri kapena atatu poizoni akhoza kuchuluka kangapo. Kuunjika zokolola zosauma m'matumba "podikira kuti dzuwa lituluke" ndi kumangira chuku nyumba.

Poyanika, lamulo ndi lakuti mbewu isakhudze dothi. Lona, mkeka, thandala kapena simenti yosesa bwino zonse zimagwira ntchito. Muziyala mopyapyala, muzitembenuza, ndipo madzulo muzivundikira kapena kulowetsa, chifukwa mame a usiku amabweza zimene dzuwa linachotsa masana. Mtedza umasungika bwino uli m'makoko. Pali chizolowezi chowaza madzi pa makoko kuti afewe poswa. Chimapulumutsa zala, koma chimabwezera chinyezi pa njere pa nthawi yoipitsitsa. Kumenya chimanga ndi ndodo potong'ola nakonso kumaswa njere, ndipo njere yosweka ndi chakudya chophikaphika kwa chuku.

Nanga munthu wopanda makina oyezera angadziwe bwanji kuti zauma? Kuluma njere n'kumva kuti yathetheka, kapena kugwedeza mtedza n'kumva kulira m'makoko, kumathandiza koma kumanamiza. Njira ya mchere ndi yabwinoko. Tengani botolo lagalasi louma, muthiremo njere kufika gawo limodzi mwa atatu, muonjezere masipuni awiri kapena atatu a mchere umene mwauumitsa bwino, mutseke, mukhutchumule, mudikire mphindi 15, mukhutchumulenso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, njere zikadali ndi madzi oposa pafupifupi 15 peresenti. Dziwani kuti 15 si 13: mchere ukasiya kumata, kuyanikabe tsiku lina kapena awiri si kutaya nthawi. Akatswiri a pa yunivesite ya California ku Davis anapanganso kakhadi kotchedwa DryCard, kokhala ndi kapepala kosintha mtundu malinga ndi chinyezi cha mpweya wa m'chidebe chotseka.

Zikauma, ntchito ndi yakuti zisanyowenso. Matumba asagone pansi kapena kutsamira khoma. Aikeni pa matabwa, pasiyidwe mpata woti mpweya uzidutsa. Denga lodontha pamalo amodzi ndi lokwanira kuwononga thumba. Anankafumbwe nawo si akuba chabe: akamadya ndi kupuma amatulutsa chinyezi ndi kutentha, n'kupanga kachisa konyowa pakati pa thumba louma.

Apa ndi pamene matumba osalowa mpweya amathandiza. Odziwika kwambiri ndi a PICS, amene anachokera ku kafukufuku wa Larry Murdock ndi anzake a pa yunivesite ya Purdue, woyamba m'zaka za m'ma 1980 pa kasungidwe ka khobwe ku Cameroon. Ali ndi mapulasitiki awiri mkati ndi thumba loluka kunja. Mukamanga bwino, tizilombo ndi njere zimamaliza okosijeni wa m'katimo, tizilombo timafa, chuku chimaleka kukula, ndipo chinyezi chakunja sichilowa. Migolo ndi nkhokwe zachitsulo zotseka bwino zimagwira ntchito mofananamo. Koma thumba lotere siliumitsa. Mukaikamo zonyowa zimasasa n'kuwonongeka, ndipo silichotsa poizoni amene analowa kale.

Kodi zinthu wamba zoterezi zimasinthadi kanthu m'thupi mwa munthu? Zinayesedwa. M'midzi 20 ya ku Guinea, theka la midziyo linaphunzitsidwa kusankha mtedza ndi manja, kuyanika pa mikeka, kuonetsetsa kuti wauma, kusunga m'matumba a ulusi wachilengedwe pamwamba pa matabwa, ndi kuthira mankhwala ophera tizilombo pansi pa nyumba yosungiramo. Zotsatira zake, zofalitsidwa mu 2005, zinaonetsa kuti patatha miyezi isanu chizindikiro cha poizoniyu m'magazi mwa anthu a m'midzi imeneyi chinali chosakwana theka la cha anzawo a m'midzi ina ija.

Kukhitchini ndi kukhola

Pano nkhani ndi yaifupi chifukwa mphika ulibe mphamvu zambiri. Madzi amawira pa madigiri 100, pamene afulatokisini amayamba kuphwanyika pa madigiri oposa 230. Kuwiritsa kumapha chuku koma poizoni amatsala pafupifupi yense. Kukazinga kumachepetsako, osati kumaliza. Chimene chimachotsa wambiri ndi zimene zimachitika moto usanayatsidwe: kupeta, kusankha njere imodziimodzi, kutsuka n'kutaya zoyandama, ndi kukonola kuti gaga achoke. Anthu a ku Mexico ndi Central America akhala akuphika chimanga m'madzi a laimu kwa zaka zikwi, ndipo njirayi imachepetsa poizoniyu kwambiri, ngakhale sanaiyambe pa chifukwa chimenechi. Ufa ndi mtedza wosinja sizingasankhidwenso, ndiye kusankha kuyenera kuchitika zisanapite kuchigayo. Ufa wochokera kuchigayo umakhala wofunda. Uzizire ndi kuuma musanautsekere.

Pa zakudya zina za m'nyumba, lamulo losavuta ndi kuona kulimba. Kabichi kapena karoti wochita chuku pamalo amodzi mukhoza kudula mozama, masentimita awiri ndi theka kuzungulira malowo, mpeni osakhudza chukucho. Buledi, tomato, zipatso zofewa, jamu ndi zakudya zophika zotsala, tiulusi timakhala titalowa kale patali, tayani chonse.

Ndiyeno pali funso la zosankhidwazo. Ambiri amapatsa ziweto, poganiza kuti palibe chotayika. Abakha ndi anapiye a nkhukutembo amafa msanga, nkhuku zimachepetsa kuikira ndi kukula, nkhumba ndi agalu zimadwala chiwindi. Ng'ombe imapirirako, koma chiwindi chake chimasandutsa B1 kukhala M1, amene amatuluka mu mkaka pasanathe tsiku limodzi, ndipo kuwiritsa mkaka sikumuchotsa. Ikasiya kudya chakudya choipacho, mkaka umayera m'masiku atatu kapena anayi. Ku Serbia ndi mayiko oyandikana nawo izi zinabweretsa mpungwepungwe mu 2013, chilala cha 2012 chitawononga chimanga cha ziweto. Boma la Serbia linakweza malire a mu mkaka kuchoka pa 0.05 kufika pa 0.5 ppb, mlingo umene America ndi Codex amagwiritsa ntchito. Ena anati ndi nzeru, ena anati ndi kusuntha chigoli mpira uli mkati.

Kugwiritsa ntchito chuku pothana ndi chuku

Popeza mitundu ina ya Aspergillus flavus ilibe poizoni, Peter Cotty wa ku unduna wa zaulimi wa America anaganiza zoidzazitsa m'munda kuti yoipayo isowe malo, monga mmene mbewu yobzalidwa mothithikana imapanikizira udzu. Mankhwala oyamba otere, AF36, anayambira m'minda ya thonje ku Arizona. Bungwe lofufuza za ulimi la IITA, lomwe likulu lake lili ku Ibadan ku Nigeria, linatenga nzeruyi n'kupanga Aflasafe: njere za mapira zowotcha kuti zisamere, zokutidwa ndi timbewu ta mitundu inayi ya chuku chopanda poizoni chotengedwa m'dera lomwelo, n'kupakidwa utoto wabuluu kuti munthu asazidye. Amamwaza makilogalamu 10 pa hekitala, masabata awiri kapena atatu mbewu isanachite maluwa. M'mayeso ambiri poizoni watsika ndi 80 peresenti kapena kuposa. Otsutsa sakana manambalawa; amafunsa za mtengo, za kufunika kothira mobwereza, ndi zakuti njirayi sikhudza poizoni wa mitundu ina ya chuku.

Zimene sizinathetsedwe

Funso loyamba ndi la ana. Kafukufuku wa ku Benin ndi Togo wa mu 2002 anapeza kuti ana opinimbira anali ndi afulatokisini wambiri m'magazi kuposa anzawo. Koma mabanja amene amadya zachuku ndi omwewonso amene amasowa zakudya zamagulu ndi madzi abwino. Ku Kenya atayesa kusinthanitsa chimanga cha mabanja ndi chimanga choyera, poizoni m'magazi mwa ana anatsika, koma pomaliza pa kafukufukuyo msinkhu wawo sunasiyane ndi wa ana ena. Kodi poizoniyu amapinimbiritsa, kapena amangoyenda limodzi ndi umphawi? Akatswiri akadagawanika.

Lachiwiri ndi la malire ndi malonda. Mu 2001 ofufuza a ku World Bank anawerengera kuti malire okhwima a ku Ulaya angatayitse mayiko a mu Africa madola 670 miliyoni pofuna kupulumutsa anthu osakwana awiri pa biliyoni pachaka. Ofufuza ena pambuyo pake anati nambalayi inakokomezedwa, ndipo malonda a mtedzawo anali atatsika kale pa zifukwa zina. Pansi pa mkanganowu pali funso lina lowawa: zabwino zikasankhidwa n'kutumizidwa kunja kapena kumasitolo akuluakulu, zotsalazo amadya ndani? Kuziwotcha n'kovuta kumene kuli njala. Kuzisandutsa mafuta oyengedwa bwino, mowa wa mafakitale, kapena chakudya cha ziweto chosakaniza ndi dongo lapadera logwira poizoni m'matumbo ndi njira zimene zilipo, koma iliyonse imafuna woyang'anira.

Lachitatu ndi la amene alipire. Mlimi amene waumitsa bwino amagulitsa thumba lopepukirapo kuposa mnzake amene sanaumitse, ndipo wogula sangaone kusiyana kwa poizoni. Pokhapokha pali woyeza ndi mtengo wabwinoko, khama lake limam'bwezera m'mbuyo pamsika, ngakhale limateteza banja lake.

Lachinayi, afulatokisini sali yekha. Mu 1988 akatswiri a ku South Africa anatulukira fumonisini, poizoni wa chuku cha Fusarium chimene chimawoletsa zisononkho kumunda, ndipo akuganiziridwa kuti amakhudzana ndi khansa ya kummero. Kawirikawiri awiriwa amapezeka m'thumba limodzi, pamene malamulo amayeza aliyense payekha. Zimene amachita akaphatikizana m'thupi kwa zaka zambiri zikufufuzidwabe.

Lomaliza ndi la nyengo. Kumpoto kwa Italy vutoli silinkadziwika kwenikweni mpaka chilimwe chotentha cha 2003, pamene poizoniyu anapezeka m'chimanga ndi mu mkaka. Kuwerengera kwa akatswiri kukusonyeza kuti kutentha kukakwera ndi madigiri awiri, madera ambiri olima chimanga kum'mwera kwa Ulaya adzakhala pachiopsezo. Kumadera otentha kale funso ndi lakuti ng'amba za pakati pa nyengo ndi mvula ya nthawi yokolola zidzachuluka motani, ndiponso ngati mbewu zopirira chuku, zimene obereketsa mbewu akhala akuzifunafuna kwa zaka zoposa 40 osapeza yopirira kotheratu, zidzafike m'manja mwa alimi nyengoyo isanasinthe kwambiri.